Chotsala cha Nsanda ya Sanford

Ndinali pakhonde kusenda nshawa zambewu pamene Ba Lister analowa pabwalo osanena odi. Kunali kutentha kwa Okutobala kuja, kumene ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Ba Lister ndi neba wathu, munda wawo unagundana ndi wathu kuno ku mapuloti a Chalimbana. Akabwera kudzapempha mchere amayamba afunsa za bondo langa, za mbuzi, za mvula. Tsiku limenelo sanafunse kanthu. Foni inali kale m'manja.

"Amake Tisa, munamuona liti mwana wanu?"

"Pa holide. Bwanji?"

"Awe, nifunsa chabe. Enze bwino-bwino?"

"Ba Lister, ngati muli ndi nkhani kambani. Nshawa izi sizidzisenda zokha."

Anakhala pafupi kwambiri ndi ine, mpaka ndinamva mpweya wawo kukhutu, nandiikira foni pamaso.

Chinali chipinda chachikulu, makatani otseka. Pakati panali thebulo. Pathebulopo panagona mwana wanga Tisauke, chagada, maso otseka, nsalu yoyera itamufunda kuyambira kumapazi kufika m'khosi. Kumutu kwake kunkayaka kandulo. Mwamuna wina wovala zakuda, mutu uli mbuu, anaima pambali pake atakweza manja, akulankhula Chingelezi chimene sindinachimvepo ngakhale pa wailesi. Kenaka kunalira kadzidzi. Mwamunayo anazimitsa kandulo, nakoka nsalu ija kuphimba nkhope ya mwana wanga. Vidiyo inathera pomwepo.

"Yambitsaninso," ndinatero.

Kachiwiri sindinayang'ane Tisauke. Ndinayang'ana nsalu. M'mphepete mwake munali mosasoka, timaulusi tikulendewera, ndipo pakona imodzi panali banga la dzimbiri.

"Ni va Satana ivi, mwandi," anatero Ba Lister. "Ku makoleji vachuluka. Bamagoneka muntu monga mtembo, manje pakapita sabata muzamvela ati kwafa wina pa nyumba."

"Mwaitenga kuti?"

"Bananitumila chabe."

"Ndani?"

"Ili pa gulupu, mwandi. Nizaziba bwanji anayamba?"

"Mwaonetsa ndani wina?"

Anayang'ana nkhuku. Ndinadziwiratu.

"Nakumana nabo ba Abson ku chigayo. Nenze nizachita bwanji? Ni batate bake."

Ife tinachokera ku Katete, ine ndi amuna anga a Abson, tinabwera kuno kufuna malo olima. Tinali ndi ana awiri. Woyamba, Sanford, anafa pa ngozi ya minibasi akuchokera ku Lusaka. Nsalu ya nsanda kwathu sadula ndi sizasi ndipo sasoka m'mphepete. Amangong'amba. Atate ake anagula yambiri, mutu sunali kugwira ntchito, ndiye ina inatsala. Chotsala chotere sungataye kudzala, sungasokenso malaya. Ndinachipinda nkuchiika pansi penipeni pa thiranki, pamene chinagwira dzimbiri la chitsulo. Nthawi imeneyo Tisauke anali ku sukulu yogonera konko, anafika bokosi litatsekedwa kale. Kuchokera pamenepo anthu anasiya kunditchula Amake Sanford, anayamba Amake Tisa. Amuna anga okha ndiwo sanasinthe.

Ba Lister asananyamuke, a Abson anafika. Njinga anangoisiya igwe ndi thumba la ufa lomwe. Sanapereke moni. Analowa m'nyumba, ndinamva thiranki ikukokedwa, zovala zikugwa pansi. Atatuluka anaima pakhomo.

"Amake Sanford, nsalu mulibe."

"Ndaona."

"Mwana ameneyu abwere lero. Atenge matiresi, mabuku, zonse. Sukulu yathera pomwepa. Ndinaika mmodzi m'manda, sindidzaikanso wina chifukwa cha digiri."

Anaweramira njinga kuti aidzutse. Amuna anga ndi munthu wofatsa, koma wofatsa akakwiya amachita pagulu chinthu chimene sichibwezeka. Ndipo Tisauke anali m'chaka chomaliza cha uphunzitsi wa Chingelezi, patangotsala miyezi yochepa.

"Khalani," ndinatero. "Ndipita ine."

"Mubwere naye."

"Ndamva."

Lichero ndinaliika padenga la khola la nkhuku. Nshawa zosenda zimene zinali pamiyendo panga ndinangozimangira kunsonga ya chitenje, poti ndinalibe nthawi yofuna mbale.

Kuchokera kwathu kukafika ku koleji ndi ulendo wa miyendo, koma dzuwa linali pamutu ndipo bondo langa silikonda changu. Njira yonse ndinkasonkhanitsa zinthu. Pa holide ndinamumva kuseri kwa khitchini akung'ung'udza yekha m'Chingelezi, nditatulukira anasiya. Tsiku lina ndinamupeza masana atagona pamphasa chagada, manja pachifuwa, osagwedezeka ngakhale ntchentche itamutera pamphuno. Anati akupumula. Anafunsanso atate ake kuti ku Katete amati chiyani kadzidzi akalira padenga. Panthawiyo zinali zinthu zosiyanasiyana. Tsopano zinalumikizana zokha ngati mikanda. Ndinakayikiranso Ba Lister, amene mwana wawo wamkazi analephera giredi thwelofu ndipo amagulitsa mandasi pageti la koleji lomwelo. Koma nsalu m'thiranki sanachotse ndi Ba Lister.

Mlonda wa pageti anandilozera holo. Sindinalowe msanga. Ndinazungulira kumbali, ndinasuzumira pomwe katani linasiya mpata. Ana asukulu ankanyamula mabenchi, ena akuseka, wina akudya chinangwa. Mwamuna wa zakuda uja anali pakona. Sanali mdala ayi, anali mnyamata wamtali, akudzithira ufa m'mutu kuchokera m'kapulasitiki. Thebulo linali pomwepo, nsalu itapindidwa pamwamba pake. Kuseka kwawo sikunanditsitse mtima. Ndani ananena kuti anthu oipa saseka?

Tisauke anandiona ndili pakhomo. Anathamanga atavala chidiresi chachitali chokwekwera pansi.

"Amama! Kwachitika chani? Atate bali bwino?"

"Tiye panja."

Tinakaima pansi pa mtengo wa mango. Ndinamuuza zimene ndinaona mu foni, chimodzichimodzi, ndikumuyang'ana m'maso. Anayamba kuseka, koma ataona nkhope yanga anameza kusekako.

"Ni sewero, amama. Dirama ya Chingelezi, yakale maningi. Ija ya mu foni tenze kuyesa chabe. Tiichita lelo masana. Ni mayeso."

"Mayeso ogona pathebulo?"

"Nine mwana wa mfumu. Nimafa ku mapeto."

"Nanga kandulo?"

"Kandulo ni moyo wake. Imayaka kuchokela poyamba, ikungochepa. Akafa baizima. Mu masewero aya chintu chimaimila chinzake, amama. Ndiye vamene tiphunzila."

"Kadzidzi akuimira chiyani?"

"Ati imfa ili pafupi. Ni mau ya mu foni chabe."

"Azungu amaopa kadzidzi?"

"Benze kuopa maningi."

"Bodza. Anthu opanga ndege aope mbalame?"

"Zoona, amama. Na mizimu benze kuopa, na mfiti."

Zimenezo ndinaziika pambali kuti ndidzaziganize tsiku lina. Ndinamuuza kuti andifotokozere nkhani yonse, asadumphe. Anati kunali mfumu imene inkakonda mwana wake wamkazi kuposa chilichonse. Pa phwando lalikulu mng'ono wa mfumu anainong'oneza kuti mwanayo akupangana ndi adani. Anaionetsa kachinthu kochepa, theka la nkhani. Mfumu sinafunse mwana wake. Inamutsekera, ndipo pamene zoona zinadziwika anali atafa kale.

Sindine mwana. Ndinamva kumene nkhaniyo inkalowera. Tate womva theka la nkhani, mwana wolangidwa osafunsidwa. Inakwanira bwino kwambiri, ngati nsapato yoyezera. Ndinaganiza kuti waipeka pomwepo.

"Khala pano. Usasunthe."

Ndinabwerera ku holo nkukodola mnyamata wa ufa uja. Ndinapita naye kuseri kwina kumene Tisauke sakanatha kumupatsa maso. Atamva kuti ndine mayi ake a Tisauke anagwada, ufa ukugwera pamapewa.

"Muli shani, ba mayo? Nine Kasuba."

"Ndili bwino. Iwe ndiwe ndani m'zimenezi?"

"Nine mfumu, ba mayo. Batate bake ba Tisa. Mu sewero chabe."

"Ndiuze nkhani yake."

Anafotokoza. Inali yomweyo, phwando, mng'ono wonong'ona, theka la nkhani, imfa. Anawonjezanso kuti pamapeto mfumu imafa, mng'ono wake amafa, ndi ena awiri amene sindinamve chimene analakwa.

"Amatsala ndani?"

"Ba mlonda ba mfumu chabe, ba mayo. Ndiye bamakamba mau yomaliza."

"Azungu analibe ntchito."

Anaseka pang'ono. Kenaka ananena zimene sindinafunse. "Koma Tisa ndiye amachita bwino kupambana bonse. Akagona paja, olo ine nimayopa." Mmene anatchulira dzina la mwana wanga, ngati akulawa uchi, ndinazisunga mumtima.

Ndinalowa m'holo, ndinatenga nsalu pathebulo osapempha munthu, ndinabwerera nayo pansi pa mango.

"Iyi unaitenga kuti?"

Tisauke anagwetsa maso. "Mu thiranki. Nenze nizabweza, amama. Ba Madamu banakamba ati pafunika nsalu imozi ikulu yoyela. Poyamba imankhala pa thebulo ya phwando, mfumu idyelapo. Pa mapeto bamaichosa pa thebulo yamene ija, baphimba nayo mwana. Ndiye pali nkhani yonse apo. Nsalu ni imozi. Siinasinthe, basintha ni bantu."

"Ukudziwa ndi nsalu ya chiyani?"

"Si ija munagula ya bulauzi ya Chigwirizano? Nenze naganiza simunapeze telala."

Ndinamuyang'ana nthawi yaitali. Mwana amene unamuyamwitsa umadziwa pamene pamagwedezeka akamanama. Kwa Tisauke ndi chikope chakumanzere. Sichinagwedezeke. Ankaganizadi kuti ndi nsalu ya bulauzi yoyera imene timavala amayi a kutchalitchi.

"Gwira apa," ndinatero. "Waona mmene anang'ambira? Mbali inayo anapita nayo achimwene ako."

Sanamve msanga. Atamva anaitaya nsaluyo ngati yamuwotcha. Anakhala pansi m'fumbi ndi chidiresi chake, akudzipukuta m'khosi ndi dzanja.

"Nagonamo masabata yonse aya, amama. Kumaso kwanga. Nenze kumvela kanunkhilo ka thiranki, nenze kuganiza va ku nyumba." Anayamba kulira. "Chifukwa chani simunaniuze?"

"Zimenezi sauza ana."

"Nili na zaka zingati, amama?"

Funsolo linali loona.

Aphunzitsi awo anatipeza pamenepo. Madamu Ednah, mayi wamfupi wa magalasi, wothamanga poyenda. Ndinali nditawakonzera mawu m'njira, akuti munthu wamkulu amagoneka bwanji ana a eni ngati mitembo. Koma atamva za nsalu anavula magalasi, nagwira pakamwa.

"Pepani, amai. Sininazibe. Nizatuma muntu ku nyumba kwanga, nili na bedishiti yoyela. Iyi muyende nayo."

"Sinizagona," anatero Tisauke. "Olo mubwelese ya bwanji. Nagonamo kale mu iyi. Amama, tiyeni ku nyumba."

"Tisauke, mvela," anatero Madamu. "Bamene bapasa mamaksi bachokela kunja, babwela lelo chabe. Ukapanda kuchita, kosi iyi uzabwezela chaka cha mailo."

"Nizabwezela."

Iye sankadziwa, koma ine ndinkadziwa kuti kulibe chaka chamawa. Akalowa pabwalo lathu ndi matiresi pamutu, atate ake sadzamulolanso kutuluka, ndipo Ba Lister adzakhala atauza mudzi wonse kuti tinamulanditsa kwa Satana. Ndinatumidwa kudzamutenga, ndipo mwiniwake ankafuna kutengedwa. Ntchito inali itaphweka. Chimenecho ndicho chinandikwiyitsa.

Ndinatola nsalu, ndinaikutumula fumbi. Bedishiti ya Madamu sikanathandiza. Tikanasintha, iyi ikanakhalabe nsanda, ndipo mwana wanga akanakhalabe munthu amene anagona m'nsanda ya mlongo wake. Atate ake akanaiona choncho mpaka imfa. Iyenso.

"Tandiuzanso," ndinatero. "Wati azungu aja anatenga nsalu ya pathebulo nkuisandutsa chiyani?"

"Ya maliro," anayankha akufwenthera.

"Anapempha chilolezo kwa ndani?"

"Ni sewero, amama."

"Ndafunsa, anapempha kwa ndani? Ngati iwo anatha kupita nayo uko, ine ndilephera bwanji kubwera nayo kuno? Madamu, muli ndi singano?"

Singano zinalipo, za atsikana amene ankasoka zovala za sewero. Ulusi woyera unali utatha, unatsala wobiriwira. Ndinati bweretsani womwewo, uoneke bwino. Ndinakhala pansi, ndinatambasula miyendo, ndinayamba kupinda m'mphepete kawiri ndi kusoka. Singano yachiwiri ndinaiponya pamiyendo ya Tisauke.

"Yambira uko. Tikumane pakati."

"Sinizaigwila."

"Nsanda sasoka. Yosoka si nsanda. Ukufuna ikhale chiyani? Gwira."

Anakhala kanthawi akundiyang'ana ngati ndapenga. Mwina anali kufuna kuona ngati ndikukhulupiriradi zimene ndikunena. Inenso sindinkadziwa. Ndinangopitiriza kusoka. Kenaka anatola singano.

Kasokedwe kake kanali kokhota ngati njira ya woledzera. Zaka zonsezi za sukulu, kupinda nsalu osadziwa. Ndinamudzudzula, anandiyankha, ndinamudzudzulanso. Atsikana awiri anabwera mwakachetechete nagwira mbali zinazo. Palibe amene analankhula za maliro. Nditafika pakona ya dzimbiri ndinaima pang'ono, kenaka ndinapindira banga lija theka mkati. Lonse silikanabisika.

Titamaliza ndinaiyala pa benchi pomwepo pansi pa mango. Ndinamasula nsonga ya chitenje, ndinakhuthulira nshawa zija pakati pa nsalu.

"Idyani. Nonse."

Anayang'anana.

"Nsalu ya pathebulo ndi imene anthu adyerapo. Madamu, yambani inu."

Madamu Ednah anatola, natafuna. Atsikana aja anatola. Kasuba anabwera natola ziwiri ndi manja onse awiri. Tisauke anali womaliza. Anatenga imodzi, anaiyang'ana.

"Ni zambeu izi," anatero. "Ba Sanford benze kuba zambeu. Mwenze kubamenya na chipande."

"Ankati zambewu ndiye zokoma. Idya, nthawi yatha."

Anadya.

Ndinawakokera Madamu pambali. Ndinawauza kuti wina ajambule pa foni, koma asaime pamene mwana wanga wafa. Ajambule mpaka atadzuka, ataima ndi miyendo yake, ndipo atumize pa nambala imene ndiwapatse. Ndinawapatsa ya Ba Lister.

Anandikhazika kutsogolo, pafupi ndi anthu atatu a mapepala amene anabwera kudzapereka mamaksi. Chingelezi chake sindinatolepo kanthu. Koma nsalu yanga ndinaiona pathebulo, ulusi wobiriwira ukuoneka mbali zonse, mbale ndi makapu zili pamwamba. Ndinaona mng'ono wa mfumu akusendera pafupi kwambiri, pakamwa pake pali kukhutu kwa mkulu wake. Ameneyo ndinamumva popanda womasulira. Ndinkayembekeza kuti mfumu itembenuka nkufunsa mwana wake funso limodzi lokha. Anali pomwepo, mbali ina ya thebulo. Sinafunse. Ndinatsala pang'ono kuikuwira.

Kandulo inkachepa. Kadzidzi analira m'foni, ndipo ngakhale ndinkadziwa kuti ndi foni, tsitsi linandiimabe. Kenaka anamunyamula mwana wanga, anachotsa mbale, anamugoneka, nakoka nsalu kufika kumaso.

Apa ndiye ndinavutika. Kasuba anayamba kulankhula, ndipo sankamaliza. Ine maso anga anali pamzere wobiriwira umene unadutsa pachifuwa cha Tisauke. Unkakwera pang'ono, nkutsika. Unkakwera, nkutsika. A mapepala aja sakanaona, koma ine ndinasoka mzere umenewo. Ndinagwira benchi ndi manja awiri kuti ndisaimirire.

Ndipo mnyamatayo analira. Misozi yeniyeni, mpaka ufa unapanga phala m'masaya. Anthu m'holo ankafwenthera. Ine ndinaonapo tate akulira mwana wake, ndinagona naye nyumba imodzi. Tate salira choncho. Kulira kuja kunali kwa mtundu wina, ndipo pamene ankakonza nsalu kumapazi a Tisauke, dzanja lake linachedwapo.

Onse atatha kufa anthu anaomba m'manja. Mitembo inadzuka. Tisauke anakankha nsalu, anatsika pathebulo, anagwirana manja ndi anzake nawerama. Anandifunafuna ndi maso. Ndinamugwedezera mutu kamodzi, basi. Kenaka ndinakatenga nsalu yanga.

"Atate muzabauza chani?" anandifunsa pakhomo.

"Zimenezo ndi zanga. Iwe werenga. Ndipo uja wa ufa, tidzakambirana."

"Amama, ni munzanga chabe."

Chikope chakumanzere chinagwedezeka.

Ndinafika kunyumba dzuwa litapendeka. A Abson anali pampando pakhonde, pomwe ndinawasiya. Thumba la ufa linali likadali pansi. Anayang'ana kumbuyo kwanga, kunjira.

"Ali kuti?"

"Ku sukulu."

"Ndinati chiyani?"

"Ndinamva zimene munanena. Dikirani."

Ndinatulutsa kathebulo ka m'nyumba, ndinakaika patsogolo pawo, ndinayala nsalu. Ndinabweretsa kapu ya madzi ndi mbatata zotsala m'mawa, ndinaziika pamwamba. Anayang'ana ulusi wobiriwira. Anayendetsa chala m'mphepete mpaka anapeza theka la banga la dzimbiri. Chala chinaima pamenepo.

"Mwasoka nsalu ya mwana wanga."

"Ya mwana wanu anapita nayo. Iyi inatsala."

"Ndani anakuuzani kuti zimatheka?"

"Palibe. Ndani anatiuza kuti tiisunge m'thiranki osauza mlongo wake? Iye ankaganiza kuti ndi ya bulauzi ya Chigwirizano."

Mbatata sanazikhudze. Ndinawauza za sewero, za mayeso, za mfumu imene sinafunse. Pa za mfumu anandiyang'ana ndi diso limodzi, monga mmene ndinamuyang'anira Tisauke.

"Imeneyo mwaipeka m'njira."

"Inenso ndinaganiza choncho. Ndinafunsa anthu awiri padera."

Ndinapita kumpanda nkuitana Ba Lister. Anabwera pang'onopang'ono, foni itabisidwa m'chitenje.

"Yafika?" ndinafunsa.

"Kuli chabwela, koma ni itali maningi. Izanisilizila mabandulo."

"Ija ya m'mawa sinakumalizireni. Apatseni aone. Akatha muitumize pa gulupu lomwe lija, ndipo mawa mupite nayo ku chigayo."

"Awe mwandi, ine nenze nafuna chabe kuthandiza."

"Thandizani mpaka kumapeto."

Amene anadula vidiyo yoyamba ija sindikumudziwa mpaka lero. Ndili ndi maganizo anga, koma tsiku limenelo ndinali nditaona kumene maganizo otere amafikitsa munthu.

A Abson anaonera atagwira foni patali, poti maso awo ayamba kuvuta. Pamene nsalu inaphimba nkhope anatembenukira kumbali. Ndinawauza kuti ayang'ane. Anaona Tisauke akukankha nsalu, akutsika, akuwerama. Anauza Ba Lister kuti abwezere pamenepo. Anaonanso. Anati abwezerenso.

Kenaka anatenga kapu ija pansalu, anamwa madzi, naibweza pomwepo.

"Mayeso atsala angati?"

"Mpaka Disembala."

"Amalize. Akabwera adzandiuze yekha nkhani ya mfumuyo." Anabweza foni kwa mwiniwake, koma asanaisiye analoza ndi chala. "Nanga uyu wa ufa m'mutu, wagwira dzanja la mwana wanga chonchi, ndi mwana wa ndani?"

"Ameneyo musiyireni ine."

Ndinakatsitsa lichero padenga la khola. Nkhuku zinali zitakwerapo, zinamwaza makoko ndi kudya zimene zinapeza. Thumba la nshawa linali lisanafike ndi pakati pomwe, ndipo kumpoto mitambo inali itayamba kusonkhana. Ndinakhala pansi, ndinakokera thumba pafupi, ndinayambanso kusenda.